Tingawateteze bwanji ana ku dzuwa la m'chigwa cha Shire, makamaka mwana wachialubino ndi khanda?

Mayi wa ku Ngabu analemba kuti:

Ndikulemba kuchokera ku Ngabu m'boma la Chikwawa, ndipo ndikupempha nzeru kwa azaumoyo, aphunzitsi ndi makolo anzanga. Ndili ndi ana atatu. Woyamba ndi mnyamata wa zaka 9, wachiwiri ndi mtsikana wa zaka 6 amene anabadwa wachialubino ndipo wayamba Sitandade 1 mu Sepitembala, pomwe wotsiriza ndi khanda la miyezi inayi. Amene munafikako kuno m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala mukudziwa kuti kutentha kumapitirira madigiri 40, kotero kuti masana m'nyumba ya malata simukhalika, ndipo usiku anthu ambiri amagona pabwalo.

Nkhawa yanga yaikulu ili pa mtsikanayu. Pamene anali asanayambe sukulu ndinkatha kumusunga pakhonde dzuwa likakula, koma tsopano amaweruka dzuwa lili paliwombo, ndipo amafika kunyumba makutu, khosi ndi mikono zitafiira. Mafuta oteteza khungu timalandira kuchipatala akakhalapo, koma amatha msanga, ndipo achibale ena akundiuza kuti mafuta odzola wamba amagwira ntchito yomweyo. Kodi zimenezi n'zoona? Ndauzidwanso kuti ndizimuveka zovala za manja aatali, koma ndikuopa kuti m'kutentha kwa kuno zovala zotere zikhoza kumukomola. Ndikufunanso kudziwa ngati ndingamasiye kumudzoza kunja kukakhala mitambo kapena mvula ikayamba, kuti mafutawo azikhalitsa.

Nkhani ina ndi ya khanda. Apongozi anga, amene amatikonda ndipo alera ana ambiri, akuumirira kuti mwanayo ndizimumwetsa madzi pang'ono masana chifukwa nayenso amamva ludzu monga ife akuluakulu. Kusikelo anatiphunzitsa kuti mwana asalandire china chilichonse kupatula bere mpaka atakwana miyezi isanu ndi umodzi, koma ndikamuona akutuluka thukuta mtima wanga umagawanika. Ndithokoza kwambiri aliyense amene angandifotokozere bwino, kuti nanenso ndikathe kuwafotokozera apongozi mwaulemu ndiponso ndi mfundo zomveka.

Namwino wopuma pantchito ku Zomba anayankha kuti:

Mayi, zikomo chifukwa cha mafunso anu. Choyamba ndikufuna kuti tisiyanitse zoopsa ziwiri zimene zimachokera ku dzuwa, chifukwa makolo ambiri amazitenga ngati chinthu chimodzi. Pali kutentha, kumene kumachotsa madzi m'thupi ndipo kungathe kupha mwana tsiku lomwelo. Palinso cheza cha dzuwa chotchedwa UV, chimene sichioneka ndiponso sichimveka pakhungu, koma chimaononga khungu ndi maso pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Kutentha ndi mdani wa ana anu onse atatu, ndipo khungu lakuda silitchinjiriza munthu ku vuto limeneli ngakhale pang'ono. Cheza cha UV ndiye chikuopseza kwambiri mtsikana wanu, pakuti khungu lake lilibe melanini wokwanira, amene amatchinga chezacho mwa ife ena.

Ndiyambe ndi khanda, popeza ndi limene lingavulale mofulumira. Zimene munaphunzitsidwa kusikelo n'zoona ngakhale m'chilimwe cha ku Ngabu. Mkaka wa m'mawere ndi madzi kuposa 80 peresenti, ndipo umene umayamba kutuluka mwana akangoyamba kuyamwa ndiwo umathetsa ludzu. Mukam'patsa madzi, kamimba kake kakang'onoko kamadzaza ndi chinthu chopanda chakudya, amayamwa pang'ono, mkaka wanu umayamba kuchepa, ndiponso madziwo angathe kumubweretsera matenda otsegula m'mimba, amene ndi njira yachidule yothera madzi m'thupi. Apongozi anu sakulakwa ponena kuti mwana amamva ludzu. Muwavomereze pamenepo, kenaka muwauze kuti madzi a mwanayo azidzera mwa inu: iwo azikukumbutsani kumwa madzi ndi thobwa pafupipafupi, inu muziyamwitsa nthawi iliyonse imene mwana wafuna, usana ndi usiku, ngakhale atangoyamwa kumene. Ndaona kuti agogo amamvetsa msanga akapatsidwa mbali yawo pa chisamaliro m'malo mongouzidwa kuti asiye.

Khanda losakwana miyezi isanu ndi umodzi lisakhale padzuwa, ndipo mafuta oteteza khungu sitilimbikitsa kuti lidzozedwe pa msinkhu umenewo. Mukalibereka kumbuyo popita kumjigo kapena kumsika, fundani ambulera, koma musaliphimbe mutu wonse ndi chitenje chachiwiri, chifukwa mkatimo mpweya suyenda ndipo kumatentha kuposa kunja. Muziona matewera ake. Ngati akukhala ouma kwa maola ambiri, mkodzo uli wochepa ndi wachikasu kwambiri, liwombo lalowa, maso alowa, kapena mwana wafooka mpaka kulephera kuyamwa, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Liwombo lolowa ndi chizindikiro cha kutha kwa madzi m'thupi, choncho mankhwala opaka pamutu sangathandize, angokuchedwetsani.

Kwa ana aakuluwo, musadikire kuti apemphe madzi, chifukwa mwana akatengeka ndi masewera amaiwala ludzu. Aliyense apite kusukulu ndi botolo la madzi otetezedwa, avale zopepuka zowala, ndipo mpira ndi fulaye zidikire mpaka dzuwa litapendeka. Mwana akayamba kudandaula mutu, chizungulire, nseru kapena kukokana kwa minofu, akutuluka thukuta kwambiri, mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mumupukute ndi nsalu yonyowa ndi kumumwetsa pang'onopang'ono madzi kapena Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Koma akayamba kusokonezeka mutu, kulankhula zosamveka, kukomoka kapena kugwidwa ndi khunyu, thupi lili lotentha kwambiri, imeneyo ndi ngozi yaikulu. Muthireni madzi thupi lonse, mukupizeni, ndipo pitirizani kutero muli panjira yopita kuchipatala. Wokomoka musamumwetse kanthu. Kumbukiraninso kuti m'chigwa cha Shire malungo sachoka, ndipo zizindikiro zake zimafanana ndi zimenezi, kotero mwana aliyense wotentha thupi ayezedwe magazi m'malo mongoganiza kuti ndi dzuwa chabe.

Telala wachialubino wa ku Mangochi anayankha kuti:

Mayi, ine ndine bambo wachialubino, ndinakulira m'mbali mwa nyanja kumene dzuwa silisiyana kwenikweni ndi la kwanuko, ndipo ndimasoka zovala. Ndikugwirizana ndi zonse zimene anamwino anena, kupatula mfundo imodzi imene ndikufuna kuikonza pang'ono mwaulemu. Zovala zopepuka zowala n'zabwino kwa mnyamata wanu, koma kwa mlongo wake chofunika kwambiri ndi kulukana kwa ulusi wa nsalu. Nsalu yoyera yopyapyala imalola cheza chambiri kudutsa, makamaka ikanyowa ndi thukuta, ndipo mwana angathe kupsa pamsana ndi pamapewa ali chivalire malaya. Mukamagula nsalu kapena kusankha kaunjika, itambasuleni moyang'anitsa kumene kuli kuwala. Ngati mukuona timabowo ndi kuwala kukudutsa, isiyeni. Nsalu ya thonje yolukana bwino, ya mtundu woderako, ndiyo imatchinga bwino.

Za kuopa kuti manja aatali angamukomole, yankho lili pa kasokedwe. Chovala chikhale chotakasuka kuti mpweya uziyenda mkati, chokhala ndi kolala yoimirira yophimba kumbuyo kwa khosi, manja ofika pamfundo ya dzanja, ndipo siketi kapena diresi ifike kumapazi. Chovala chothina cha nayiloni ndicho chimatenthetsa. Dzuwa lowomba pakhungu lenilenilo limatenthetsanso thupi, ndipo khungu lopsa limavutika kuziziritsa munthu, kotero mwana wovala bwino amapeza bwino kuposa amene mikono yake ili pamtunda.

Chipewa chikhale chakhonde lozungulira mutu wonse, lotambalala pafupifupi masentimita 8 kapena kuposerapo, ndipo mulumikizepo kachingwe kuti chisauluke. Kapusi ya mlomo wakutsogolo kokha imasiya makutu ndi khosi pamtetete, chonsecho malo amenewa, pamodzi ndi milomo, nkhope ndi kuseri kwa manja, ndi amene khansa ya pakhungu imakonda kuyambira mwa ife. Ndikunena zimenezi ndi mtima wolemera, chifukwa anzanga ena amene ndinakula nawo anapita akadali anyamata, ndipo zilonda zawo zinayambira m'malo omwewa.

Achibale amene akuti mafuta odzola wamba amateteza akukusocheretsani, ngakhale sakuchita dala. Mafuta wamba amafewetsa khungu louma, ndipo ndi abwino kudzola usiku akasamba, koma alibe mankhwala otchinga cheza. Pabotolo la mafuta enieni pamalembedwa SPF ndi nambala yosonyeza mphamvu ya chitetezo chake, ndipo kwa ife nambalayo ikhale 50 kapena kuposerapo, komanso pakhale posonyeza kuti amatchinga UVA ndi UVB, mitundu iwiri ya cheza cha UV. Muzimudzoza mphindi 20 asanatuluke, ndipo adzolenso pakapita maola awiri ali panja, kapena akatuluka thukuta kwambiri kapena akasamba. Njira yoti mafuta akhalitse ndi kuchepetsa malo ofunika kudzoza. Ngati zovala ndi chipewa zaphimba thupi lonse, mafuta amangofunika pankhope, makutu, milomo, khosi, kuseri kwa manja ndi pamwamba pa mapazi. Kudzola mopyapyala kwambiri pofuna kusunga sikuthandiza, chifukwa chitetezo chimatsika kutali ndi nambala yolembedwa pabotolo. Botololo lisungidwe pamalo ozizira m'nyumba, monga pafupi ndi mtsuko wa madzi, osati pawindo kapena pafupi ndi malata.

Pa funso la mitambo, chonde musasiye. Cheza chokwana mpaka 80 peresenti chimatha kudutsa mitambo yopyapyala, ndipo tsiku lozizirirapo ndi limene limanyenga, chifukwa mwana amakhalitsa panja osamva kutentha. Dziwaninso kuti kuno kwathu dzuwa limadutsa pamwamba penipeni kawiri pachaka, cha kumayambiriro kwa Novembala ndiponso mu Febuluwale. Choncho mwezi wa Febuluwale, mvula ili mkati, cheza chimakhala champhamvu monga m'chilimwe. Nthawi yoopsa kwambiri tsiku lililonse ndi kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Mwana wa zaka 6 sadziwa wotchi, koma mungamuphunzitse kuyang'ana chithunzithunzi chake pansi: chikakhala chachifupi kuposa iye mwini, athawire pamthunzi.

Musaganize kuti muli nokha. Kalembera wa anthu wa mu 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi muno. Bungwe la APAM, limene ndi la anthu achialubino eni ake, lili ndi mamembala m'maboma, ndipo mukafunsa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma adzakulumikizani nawo. Bungwe la Standing Voice limachititsanso zipatala zoyendayenda zoyeza khungu m'maboma angapo mogwirizana ndi azaumoyo a boma. Mu 2025 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika mafuta oteteza khungu pa mndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri, kutanthauza kuti mukamawafunsa kuchipatala mukufunsa mankhwala a mwana wanu, osati zodzoladzola, ndipo musachite manyazi kubwerera kukafunsanso akatha.

Mphunzitsi wa pulayimale ku Salima anayankha kuti:

Mayi, ine ndiwonjezere za kusukulu, popeza ndi kumene mwana wanu akupsera. Pitani mukakumane ndi aphunzitsi aakulu pamodzi ndi mphunzitsi wa kalasi yake, ndipo ngati n'kotheka mutenge kalata yochokera kuchipatala, chifukwa kalata imathandiza kuti zimene mwagwirizana zisasinthe mphunzitsi akasamutsidwa. Pemphani kuti aziloledwa kuvala chipewa nthawi zonse ali panja, ngakhale pa asembule, ndiponso kuti yunifolomu yake isokedwe ya manja aatali ndi yofika kumapazi, mtundu wake wokhawo ndiwo ufanane ndi wa anzake. Asapatsidwe ntchito kapena chilango cha panja masana, monga kusesa bwalo, kulima kapena kutunga madzi. Ngati kalasi yake imaphunzirira pansi pa mtengo, monga zimachitikira m'masukulu ambiri amene zipinda n'zochepa, mphunzitsi akumbukire kuti mthunzi umasuntha, ndipo mwanayo azisunthidwa nawo. Ngakhale zili choncho mthunzi wa mtengo sutchinga cheza chonse, pakuti china chimadutsa m'masamba ndipo china chimabwerera kuchokera pamchenga, kotero chipewa ndi mafuta zimafunikabe. Kukanakhala kotheka, kalasi imene muli mwana wachialubino ndiyo iyenera kupatsidwa chipinda choyamba.

Nkhani ya maso isaiwalike. Ana achialubino ambiri saona bwino patali, maso awo amagwedezeka, ndipo kuwala kwambiri kumawapweteka. Mwana wotere akakhala kumbuyo amaoneka ngati wosamva zophunzitsidwa, chonsecho vuto n'lakuti sakuona pabolodi. Akhale kutsogolo, kutali ndi windo, aloledwe kuyandikira bolodi akafuna, ndipo zolembedwa zikhale za zilembo zikuluzikulu. Mukapeza mpata mukamuyezetse maso, ndipo magalasi a dzuwa amene mungamugulire akhale olembedwa UV400, chifukwa magalasi ongoda chabe opanda chitetezo amachititsa kuti mboni ya diso itseguke ndi kulowetsa cheza chochuluka.

Vuto la kuweruka dzuwa lili paliwombo ndi lovuta kulithetsa, popeza nthawi ya sukulu simungaisinthe nokha. Chimene mungachite ndi kumupatsa ambulera yakuda, ndi kupempha mphunzitsi kapena mmodzi wa amayi a gulu losamalira ana pasukulupo kuti azimudzoza mafuta asananyamuke, pakuti amene munamudzoza m'mawa amakhala atatha mphamvu. Mchimwene wake aziyenda naye, koma musamusenzetse udindo wonse mnyamata wa zaka 9. Ndingakondenso kuti nkhani ya madzi akumwa muifikitse ku komiti ya sukulu, chifukwa a nthambi yoona zanyengo akachenjeza za kutentha koopsa, sukulu iyenera kufupikitsa asembule ndi kuimitsa masewera a masana kwa ana onse, osati kwa wanu yekha.

Mayi wa ku Ngabu analembanso kuti:

Ndathokoza kwambiri nonse atatu. Nsalu ndikaisankha monga mwanenera abambo a ku Mangochi, ndipo kwa aphunzitsi aakulu ndipita sabata ino. Mawu anu okhudza makutu andichititsa kumuyang'anitsitsa mwanayu, ndipo ndapeza kuti pamwamba pa khutu lake lakumanja pali kamalo kokhakhala, kokhala ngati nkhanambo youma, ndipo milomo yake ya m'munsi imang'ambika kawirikawiri. Kodi chimenechi ndi chiyambi cha khansa? Ndifunsenso za kumunda, popeza mvula ikayamba tonse timapita kukadzala ndi kupalira, ndipo kunyumba sikutsala munthu wamkulu woti ndingamusiyire ana.

Namwino wopuma pantchito ku Zomba anayankhanso kuti:

Ndikuvomereza zimene abambo a ku Mangochi akonza pa nkhani ya nsalu, ndipo kwa mtsikanayu tsatirani malangizo awo. Za khutulo, musachite mantha, koma musazengerezenso. Palibe amene angakuuzeni chenicheni popanda kumuona mwanayo ndi maso. Khansa ya pakhungu siichitika kawirikawiri pa msinkhu wa zaka 6, ndipo malo okhakhala otere nthawi zambiri amakhala chizindikiro chakuti khungu layamba kuonongeka ndi dzuwa. Ena mwa malo amenewa akasiyidwa kwa zaka amasanduka khansa, koma akapezeka msanga amachizika mosavuta. Azachipatala odziwa za khungu amawaumitsa ndi mankhwala ozizira kwambiri, ntchito ya mphindi zochepa imene siifuna kugonekedwa. Pitani naye kuchipatala cha boma mukapemphe kuonana ndi woona za matenda a khungu, ndipo akaona kuti n'kofunika adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Musakande malowo, musawadule ndi lezala, ndipo musapakepo mankhwala azitsamba kapena mafuta oyeretsa khungu. Pamilomo muzidzoza mafuta oteteza omwewo kangapo patsiku, chifukwa amachoka akamadya ndi kumwa.

Kuyambira tsopano muzimuyang'ana thupi lonse kamodzi pamwezi pamalo owala, osaiwala m'mutu, kuseri kwa makutu ndi kumbuyo kwa khosi, ndipo azionedwa ndi azachipatala miyezi isanu ndi umodzi iliyonse ngakhale pasakhale chodandaula. Chilonda chimene chatha milungu itatu kapena inayi osapola, chotupa chimene chikukula, kapena malo otuluka magazi akangokhudzidwa, zimenezo zisadikire tsiku lokaonedwa ndi azachipatalalo.

Za kumunda, lawirirani mbandakucha kuti pofika 9 kapena 10 koloko mukhale mukuweruka, ndipo ntchito yotsala muibwerere dzuwa litapendeka. Mvula isanayambe mangani kachisakasa ka denga lochindikala la udzu m'mphepete mwa munda, kotseguka m'mbali kuti mphepo izidutsa, kumene khanda ndi mlongo wake azikhala inu mukuwaona, madzi akumwa ali pomwepo. Mtsikanayu angathe kuthandiza ntchito za pamthunzi monga kusankha mbewu ndi kutongola chimanga, koma kupalira, kuingitsa mbalame m'mapira ndi kudyetsa mbuzi masana musamupatse, ndipo abale onse auzidwe chifukwa chake kuti asamamunene kuti ndi waulesi. Pa masiku amene ntchito ikukakamizani kukhalitsa kumunda, kambiranani ndi apongozi anu kuti iwo atsale kunyumba ndi mtsikanayu, inu mupite ndi khanda lokha kuti lizitha kuyamwa.